Onyamula Mfuti Anali Angati?

Mfuti ya a Ambrose Kaliwo inatopetsa Amalawi onse a ku Scarborough isanaphe ngakhale gologolo. Anaigula kumayambiriro kwa chaka cha 1976 m'sitolo yogulitsa zotsala za asilikali. Chinali chimfuti chakale cha mtundu wa Enfield, chakuda bii ndi girisi, cholemera ngati munsi wauwisi. Bambo awo anamenya nkhondo ndi yoteroyo ali msilikali wa Keyala, ndiye mwanayu atangoiona pakhoma sanathenso kupirira.

Kuyambira pamenepo, akaweruka kuchipatala kumene ankajambula anthu mafupa, ankangotsikira m'chipinda cha pansi pa nyumba yawo, chimene tonse tinkati besimenti. Anachotsa thabwa lakale n'kusema lina la mtengo wa wolonati. Anadinda timizere pogwirira kuti dzanja lisamaterereke, n'kumalipaka mafuta Loweruka lililonse mpaka linayamba kuwala ngati chipumi cha mkwatibwi. Pomaliza anaika sikopu pamwamba, kagalasi koonera patali. Mukapita kukawazonda akudwala chimfine, nkhani inali mfuti. Ku ubatizo wa mwana, mfuti yomweyo.

Hilda Nankwenya, namwino wokhala nawo mumsewu umodzi, ankawaseka poyera. Iye ndi Selina, mkazi wa a Ambrose, anali apondaapanepondepo, choncho pakamwa pake panalibe womuletsa. Komabe Lachisanu lina la mu Okutobala, a Ambrose ataitana anthu kuti adzaone ntchito itatha, Hilda yemwe anaomba nawo m'manja. Mfutiyo inali yokongola, chilungamo chake. Msuweni wa Hilda, Douglas, mnyamata wogwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Oshawa, anainyamula, anaisisita, n'kuiloza pa chitofu chotenthetsera nyumba.

"Achimwene, mudzandibwereke," anatero Douglas. "Ndikamuphere Hildayu gwape, mwina anganenepeko."

Onse anaseka. Lolemba m'mawa foni ya Hilda inalira, ndipo woimbayo anali Douglas, ali kupolisi.

* * *

Sajeni amene Hilda anamupeza kupolisiko anali mzungu wamtali wa ndevu zofiirira, wolankhula mosathamanga ngati munthu woti mlandu anautha kale. Anamufotokozera Hilda zonse m'Chingerezi. Loweruka m'mawa mlimi wina kumpoto kwa Oshawa anaomberedwa pantchafu akukonza mpanda wake. Ali moyo, koma ali m'chipatala. Chipolopolo chinachokera kuseri kwa mitengo, pa dzenje lakale lokumbamo mchenga. Masana a tsiku lomwelo a Kaliwo anadzanena kuti mfuti yawo yabedwa. Lamulungu inapezeka m'ngalande pafupi ndi dzenjelo, ili ndi zidindo za zala za mwini wake ndi za Douglas.

"Anaigwira Lachisanu, tonse tikuona," anatero Hilda.

Sajeni anangogwedeza mutu. Douglas akuti Loweruka m'mawa anali kowedza nsomba ndi anzake awiri, koma anzakewo sangamuikire umboni chifukwa nawonso ali m'chitolokosi. Pali mboni, gogo wa m'nyumba ya a Kaliwo, amene anaona mfuti ikutuluka.

"She saw them carry it to the car," anatero sajeni, akugogoda tebulo ndi chala. "Them."

Anamulola Hilda kuonana ndi msuweni wake kwa kanthawi kochepa. Douglas wanthabwala uja anali atafota ngati nkhwani zapadzuwa.

"Msuweni, andichaja kuba ndi kuvulaza munthu," ananong'ona. "Loya akuti ndikapezeka wolakwa andidipota. Ukudziwa bwino kuti ndikangotsika ndege ku Chileka, galimoto ikhala ikundidikira."

Hilda ankadziwa. Douglas anachoka kumudzi mothawa dzina lake litatchulidwa pa nkhani zandale ali pasukulu, ndipo mkulu wake amene anatsala sanaonekenso kufikira lero. Kumubweza kunali kumupereka m'manja.

"Unaitenga?"

"Ine? Ngakhale kuikamo chipolopolo sinditha!"

"Ndiye pukuta mamina," anatero Hilda. "Ndikubwera."

* * *

Basi yobwerera inkachita ngati ikukwawa. Hilda anatsika isanaime bwinobwino, n'kulunjika kwa a Kaliwo atavala yunifomu yake yoyera yomweyo. A Ambrose anali m'besimenti, atakhala pa kampando moyang'anizana ndi tebulo lawo la ntchito. Matupa, tchizulo ndi kachitini ka mafuta zinali pamalo pake. Chopanira chachitsulo chimene mfuti inkagonamo chinali yasa.

"Pepani ndi zimene zachitika, alamu," anayamba Hilda. "Inatuluka bwanji?"

"Chitseko cha kumbuyochi. Mwina sindinakhome. Carelessness yanga."

"Inu munali kuti?"

"Ndinalawirira kukaikitsa matayala a chisanu. Pobwera ndapeza palibe."

"Ndiye mukuganiza kuti ndi Douglas?"

"Ine sindinatchule munthu, sisitala. Apolisi ndi amene akudziwa ntchito yawo."

Hilda anawayang'anitsitsa. Munthu amene chaka chonse sankatha kutchula mfuti popanda maso kuwala, amene ukamufunsa za kamsomali kamodzi ankakusunga mpaka tiyi kuzizira, lero ankayankha ngati mawu akugula. Kodi n'chisoni chabe? Mwina. Koma wobedwa chinthu chimene amachikonda amalalata, amatukwana wakubayo ndi mtundu wake wonse. Awa ankangopenya pansi.

Potuluka anadutsa pafupi ndi galimoto yawo, ndipo anaima. Matayala anali akale omwe aja, osalala ngati chidendene. M'timing'alu mwake munali mutamatirira mchenga wachikasu, umene m'misewu ya tara ya Scarborough simungaupeze.

Anathamangira kwake.

* * *

Atafika kwake anaimbira a Medson Likaka, mphunzitsi wa zazitsulo pa koleji ina ku Hamilton, amene ankawalangiza a Ambrose pa ntchito yonseyi. A Medson polankhula safuna foni, mawu awo akhoza kuwoloka nyanja okha.

"Hilda! Ndamva, ndamva! Zamanyazi! Koma mnyamata uja sindikanamuganizira, aaa, ayi ndithu. Ndipo ndikudabwa, bawuti anaipeza bwanji?"

"Bawuti yake iti?"

"Iwe, namwino wathunthu osadziwa bawuti? Kachitsulo kokoka kaja, kolowetsa chipolopolo. Ukakachotsa, mfuti ija ndi ndodo yothamangitsira agalu basi. Ambrose sakasiya pansi paja. Selina anamulamula, chifukwa cha ana. Amakasunga kuchipinda kwawo kogona, pamwamba pa wodulobu, limodzi ndi zipolopolo. Lachisanu lija titatha kuombera m'manja anakasolola ine ndikuona, n'kukwera nako."

Hilda anakhala pansi pang'onopang'ono. Douglas alowe kuchipinda kwa mwamuna wapabanja? Mwana woleredwa ku Ntcheu? Ngakhale nyumba itayaka moto angayambe waodira kaye pakhomo.

"A Likaka, mfutiyo inali itayesedwapo?"

"Ndiye nkhani yake imeneyo! Ndinamuuza kuti bwanawe, mabowo a sikopu usadilile wekha, bwera nayo kuno kuli makina. Amve iye? Changu! Wadilila ndi kadililo kake kam'manja, mabowo apendama. Ndinaona ndi diso langali. Ndinati imeneyi ukaloza chitini, chipolopolo chikagwera kwa neba. Usaiyese mpaka tiikonze. Anangoti inde, inde, koma manja akumuyabwa ngati mwana woti wagulidwa nsapato za Khirisimasi. Halo? Hilda? Ulipo?"

Hilda anali ataika kale foni, akusakasaka nsapato yake ina pansi pa mpando. Zonse zinkaloza kumodzi. Chimene chinkamusokoneza chinali chimodzi chokha: gogo anaona anthu ambiri.

* * *

Mayi a Selina, Anachisale, anabwera kuchokera kumudzi chaka chathachi kudzathandiza kulera ana. Chingerezi chawo chinathera pa "thenkyu". Hilda anazungulira kuseri kwa nyumba ndipo anawapeza m'kadimba kawo, atavala juzi ziwiri ndi chitenje pamwamba, akuthothola maungu chisanu chisanawapsereze.

"Odi, amayi!"

"Eee, Hilda mwanawe, fika. Dziko lanuli lalowanso mufiriji. Kodi msuweni wako uja wandiiwala? Anati Lamulungu andibweretsera fodya wanga wam'mphuno. Mphuno zachita kuuma gwa."

Gogoyu sankadziwa kanthu.

"Amayi, Loweruka kunabwera apolisi. Anakufunsani chiyani?"

"Ine ndimve chizungu? Selina ndiye anati, amayi, nenani zimene munaona m'mawa. Ndiye ndinanena. Ndinati ndinawaona akutuluka nayo atakulunga m'bulangete, n'kuika kumbuyo kwa galimoto."

"Munawaona."

"Ndi maso angawa. Ndinali pawindo, ndikupemphera."

Hilda anagwada pa dothi lozizira, yunifomu kapena ayi. Anafunsa funso limene sajeni sakanaliganiza n'komwe.

"Amayi, anali angati?"

Anachisale anaimika manja, dzungu lili m'mwamba. "Angati chiyani?"

"Onyamula mfutiwo."

"Iwe, mfuti imodzi anyamule anthu angati? Ngati ndi bokosi la maliro? Anali okha."

"Ndani?"

"Iii!" Gogo anakoka chitenje n'kuphimba kukamwa, maso akuyang'ana kumbali. "Mwana iwe, sukulu yakuonongadi. Ukufuna nditchule? Eni nyumba ano. Bambo a anawa. Tsiku lija anali chilili pakhomo pomwepo, ine nditafulatira kukhoma monga mwa mwambo wake. Ndikanaloza chala apongozi anga ngati ndikuloza mbuzi?"

Hilda anafuna kukuwa, anafuna kuvina, anafuna kulira, zonse nthawi imodzi. Ndinawaona! Ulemu wa mpongozi, umene umasandutsa munthu mmodzi kukhala ambiri, unawoloka kupita m'Chingerezi n'kusanduka gulu la mbava, ndipo anyamata atatu anali m'chitolokosi chifukwa cha ulemuwo. Koma chimwemwecho chinazima msanga. Mzungu akanalakwitsa. Mwana wobadwira kuno akanalakwitsa. Amene anamasulira anali Selina, woyamwa Chichewa chomwecho.

"Kodi kwagwanji?" anafunsa Anachisale. "Nkhope yako yasintha."

Hilda anawauza zonse, osabisa. Dzungu linagwa pansi n'kung'ambika.

* * *

Selina anali kukhitchini, akutsuka mbale zoyera kale. Pawindo anali ataona zonse.

"Usayambe, Hilda," anatero asanacheuke.

"Them, Selina? Them?"

"Ndinamasulira mawu mmene anatulukira. Sindinaname."

"Unamva bwinobwino kuti akunena ndani!"

Selina anatembenuka, thovu likudontha m'manja. Maso anali ofiira, zikuoneka kuti tulo sanatione chiyambire Loweruka.

"Ndinamva, inde. Unkafuna nditani? Anabwera akunjenjemera ngati mwana, akuti ndaloza chitini, ndamva munthu akukuwa kuseri kwa mitengo. Anathawa, anaitaya. Sanafune kuvulaza munthu, iwe ukuwadziwa, ngakhale nkhuku amandisiyira ine. Tinkati apolisi azifunafuna mbava zosadziwika mpaka atope. Za Douglas sitinaziganize, Mulungu ndi mboni. Pamene timamva kuti amumanga, zinali zitapita kale patali."

"Ndiye mwakhala chete."

"Ndili ndi ana atatu, Hilda. Akawamanga, ntchito yatha, nyumba yatha. Ndiwe mnzanga. Tinabwera limodzi m'dziko muno, unandigwira dzanja ndikubereka Grace. Ndikukupempha."

Zinamupweteka Hilda, chifukwa zonsezo zinali zoona. Anamukonda mkazi ameneyu kuposa abale ake ena a bere limodzi.

"Alamu akalowa m'ndende ya kuno, udzawaona Lamulungu lililonse, udzawapititsira ndi masikono," anatero mofatsa. "Douglas akakwera ndege ija, tidzamuona kuti?"

Chitseko cha kumbuyo chinatseguka. Anachisale anali atasamba m'manja, atamanga duku latsopano, kachikwama kawo ka kutchalitchi kali kukhwapa.

"Hilda, basi yake timakwerera pati?"

"Amayi!" analira Selina.

"Iwe khala chete. Unatenga mawu a m'kamwa mwanga n'kukamangitsa mwana wa eni. Ndikukawatenga mawu angawo."

Pamasitepe a besimenti panamveka phazi, kenaka zii. Winawake anali ataima pamenepo, akumva.

* * *

Sajeni anamvetsera Hilda akulongosola mothamanga za matayala, za bawuti, za mabowo opendama, ndi za chinenero chimene munthu mmodzi wolemekezeka amatchulidwa ngati ambiri. Pa za chinenerozo anakweza nsidze. Anafunsa ngati iye mwini, pokhala sajeni, angakhale ambiri. Hilda anati kwathu mungakhale khamu ndithu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndevu zofiirira zija zinagwedezeka ndi kaphwete.

Koma anabwerera msanga pa ntchito. Anati zamveka, komabe Hilda ndi msuweni wa womangidwa. Womasulira woyamba anali mkazi wa mwini mfuti, wachiwiri ndi mbale wa woimbidwa mlandu, ndiye iye akhulupirire uti? Womasulira wa boma wodziwa Chichewa sangapezeke msanga, ndipo Douglas akaonekera kukhoti mawa. Kenaka anawerama n'kuyang'ana gogo m'maso.

Dzina, anatero, silifuna womasulira. Mayiwa atchule okha dzina la munthu amene anamuona, iye alimve ndi makutu ake.

Hilda anatembenukira kwa gogo. "Amayi, akuti mutchule dzina."

"Wawauza kuti ndi apongozi anga?"

"Ndawauza. Akuti zimenezo ndi mawu anga. Akufuna dzina, lochokera pakamwa panu."

Anachisale anafumbata kachikwama kawo. Chikwatiwire mwana wawo, dzina limenelo linali lisanadutsepo pa lilime lawo. Ankadya chakudya cha munthuyo, ankagona pansi pa denga lake, koma akakumana m'khonde la m'nyumba wina ankapatuka, ndipo zolankhulana zonse zinkadzera mwa Selina. Kulitchula kunali ngati kuvula pamsika. Thukuta linayamba kutsika pansi pa duku, m'chipinda chozizira chotero.

"Mnyamata uja ali kuseri kwa khomali?" anafunsa chapansipansi.

"Ali konko, amayi."

Gogo anatseka maso, anakoka mpweya.

"Ndi a... a Amb..."

"Amayi, musatero!"

Onse anacheuka. A Ambrose anali pakhomo, chipewa chili m'manja, Selina ali kumbuyo kwawo. Analowa, ndipo m'malo mopatuka monga mwa masiku onse, anagwada pa simenti patsogolo pa apongozi awo, maso ndi maso.

"Musadzichotse ulemu chifukwa cha ine. Ndachita zamanyazi zokwanira. Dzina langa nditchula ndekha."

Anaimirira n'kutembenukira kwa sajeni. Mawu awo anali osasa, koma omveka mpaka panja.

"My name is Ambrose Kaliwo. It was not them. It was me."

Sajeni anakoka mpando wina ndi phazi n'kuwauza kuti akhale.

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene chitseko cha mkati chinatseguka. Selina anali atapita kukatenga ana kusukulu. Podutsa sanamuyang'ane Hilda, ndipo Hilda anadziwa kuti khomo limene ankalowa osaodira lija mwina silidzamutsegukiranso. Zinamuwawa, ndipo sanayese kudzinamiza kuti sizikuwawa.

Anzake a Douglas awiri aja anatuluka ali liwiro, osacheuka. Douglas anatuluka pomaliza, lamba ndi zingwe za nsapato zili m'manja, akuphethira ngati watuluka kumphanga. Anaona Hilda, anaona Anachisale pa benchi, anayang'ananso wapolisi amene anamutsegulira, ngati akudikira kuti amuitanenso.

"Akuti ndizipita," anatero. "Sindinamve bwino. Ndizipita kuti?"

"Kwanu ku Oshawa, chitsiru iwe."

"Ndiye ndege ija...?"

"Palibe ndege. Sukupita kulikonse, msuweni. Mawa uli pa shifiti."

Douglas anayesa kuseka, koma kukamwa kunakana. Anakhala pansi pa simenti pakati pa polisi ya azungu, lamba ali m'manja, n'kulira mokweza ngati kwagwa maliro. Hilda sanamuletse.